Gemu Imene Tjeerd Ankaikumbukira

Tjeerd ankanena kuti magemu abwino anasiya kupangidwa chaka chimene ine ndinabadwa. Ankanena zimenezi Lamlungu lililonse akundiyang'ana, ndipo ine ndinkaseka nawo, chifukwa ndinkamukonda ndipo iye sankadziwa.

Tinkakumana masana kudzasewera magemu akale m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya njinga ya a Wiebe, mumzinda uno wa Leeuwarden. Tinkakhalapo anthu asanu ndi awiri, mkazi ine ndekha, ndipo wamng'ono mwa amunawo ankandiposa ndi zaka khumi. TV inali imodzi, ya chimimba kumbuyo, yolemera ngati furiji. Gemu yopangidwa chaka cha 2000 chitadutsa sinkaloledwa kukwera masitepe. Panalinso mwambo umene a Wiebe ankaunyadira kuposa ana awo. Kaseti ya gemu iliyonse yongopezeka kumene ankaitsegula pamaso pa tonse, kuona m'kati, n'kuikamo batire latsopano. Ankati kuibatiza. Ikapezeka kuti ndi yabodza, yopangidwa dzulodzuloli koma yovala chikhungwa chakale, amene waibweretsa ankaikhomera yekha ndi msomali pa mtanda wa denga. Pamtandapo panali makaseti khumi ndi imodzi, iliyonse ndi msomali wake pakati.

Ine ndinkagwira ntchito pakampani ina yopanga magemu a pafoni, ndiye dzina langa lakuti Hiske linatayika. Ndinali Mwana wa Foni.

"Mwana wa Foni, sabata ino mwapanga zotani kuntchito kwanuko?" ankafunsa Okke, wanthabwala wa gululo, akutsanulira khofi. "Mphaka wotolera maswiti, kapena maswiti otolera mphaka?"

"Musiye, si kulakwa kwake," ankatero Tjeerd. "Anabadwa zinthu zitatha kale kukoma. A masiku ano amapanga magemu ndi makina. Kale ankapanga ndi mtima."

Akatero, tonse tinkadziwa kuti ikubwera nkhani ija.

Tjeerd ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mkulu wake Douwe anadwala khansa ya m'magazi. M'nyengo yozizira yotsiriza ya Douwe, bambo awo anabwereka kaseti kushopu ya mafilimu kwa sabata imodzi. Douwe ankasewera ali pabedi, Tjeerd atakhala pansi n'kumaonerera. Mawu a m'gemumo anali a Chingerezi, ndiye Douwe ankamumasulira. Inali nkhani ya mtsikana wa nyali amene ankatsetsereka pangalande zoundana, kufunafuna mchimwene wake wogwera pansi pa ayezi. Munali mphero ya mphepo yolankhula, ndi kanyimbo kamene Tjeerd ankakaimba ndi mluzu atatsinzina. Sabata inatha asanaimalize, kaseti inabwezedwa, ndipo mu Malichi Douwe anamwalira. Dzina la gemuyo Tjeerd sankalikumbukira. Anali ataifunafuna zaka makumi atatu.

Anzake anali atatopa nayo nkhaniyo. Ine ndinkailemba. Ndikafika kunyumba ndinkatsegula kope n'kulemba chilichonse chatsopano chimene wanena: kuti sikafu ya mtsikanayo inali yofiira, kuti nyali ikayamba kuzilala ayezi ankalira ngati galasi losweka, kuti pansi pa madzi pankaoneka manja. Nthawi zina nkhani inkasintha. Mphero ija Lamlungu lina inali yachifundo, Lamlungu lina yankhanza. Ine ndinkasankha zokhazo zimene wazinena mawu akunjenjemera.

Gemu ya m'nkhani yakeyo ndinaipanga ndekha, zaka ziwiri. Ndinaphunzira kulembera makina akale osewerera makaseti, amene gemu yake yonse imayenera kukwana pamalo ochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni. Kanyimbo ka mluzu wake ndinakajambula mobisa, foni ili m'thumba la jekete, n'kukasandutsa kulira kwa makinawo. Ndinagula kaseti yakufa, ndinachotsa zam'kati, ndinaikamo zanga. Pepala la pamwamba ndinalisiya pawindo chilimwe chonse kuti lizilale, m'mbali mwake ndinapakamo tiyi. Popeza amuna aja amanunkhiza kaseti asanaiyatse, ndinaisunga miyezi itatu m'bokosi la fodya la malemu agogo anga aamuna.

Mwambo wa ubatizo ndinkaudziwa bwino, ndipo ndinaudalira. Pakabolodi kobiriwira ka m'kati ndinalembetsa mawu aang'ono oyera: Ya Tjeerd, yochokera kwa Hiske, amene ankamvetsera. Ndinkaona m'maganizo mwanga a Wiebe akutsegula, Tjeerd akuwerenga, kenako akudzutsa maso n'kundiona kwa nthawi yoyamba. Za msomali ndinkazidziwanso. Ndinkati munthu sangakhomere chinthu chimene chamuliza.

Panali chinsinsi chinanso, chimene sindinkafuna kuti adzachidziwe. M'chaka chachiwiri, ndikufufuza za kanyimbo kaja, ndinaipeza gemu yeniyeniyo kwa bambo wina wa mumzinda wa Gent amene ankataya katundu wa m'galaja. Inabwera pa positi. Ndinaiyatsa kamodzi, ndinaimaliza, ndinazimitsa, ndipo ndinalumbira kuti Tjeerd sadzaiona. Ndinaiika m'thumba la m'kati la chikwama changa kuti ndikaiponye m'ngalande. Tsiku lililonse ndinkadutsa pamlatho, tsiku lililonse ndinkati mawa.

Pa holide ya Tsiku la Mfumu chaka chilichonse, gulu lathu limalawirira m'mamawa kukasaka makaseti pamabulangete amene anthu amayala m'misewu kugulitsa zakale za m'nyumba zawo. Chaka chimenecho kunkawaza mvula. Ndinatsogola pang'ono, ndinaona mayi wina wa chipewa cha mtundu wa lalanje ali ndi katoni ya mawaya ndi marimoti, ndipo pamene ankacheza ndi mnzake ndinalowetsa kaseti yanga pansi pa mawayawo. Ndinaima patali n'kumadya keke. Bambo wina wachilendo anawerama pakatoniyo. Anavundula mawaya, anaigwira kasetiyo, anaitembenuza. Zaka ziwiri zanga zinali m'manja mwa munthu wa jekete lonyowa amene ankayasamula. Anaibwezera, n'kutenga rimoti.

Tjeerd anafika patapita mphindi zisanu. Ndinamuona akuwerama, kenako akuuma thupi lonse. Papepala lozilala lija panali mtsikana wa sikafu yofiira atanyamula nyali.

"Iyi mukuchita zingati, mayi?" mawu ake anatuluka ngati a mwana.

Mayiyo anaiyang'ana modabwa. "Mwina ndi ya mwana wanga. Mayuro awiri."

Sitinadikire Lamlungu. A Wiebe anatsegula shopu masana omwewo, tinakwera tonse ndi nsapato zamatope. Tjeerd ananunkhiza kasetiyo, anaiuzira mpweya kukamwa kwake ngati mmene onse amachitira, anailowetsa m'makina. Kanyimbo katayamba anaika chowongolera pansi n'kuphimba nkhope.

"Ndi yomweyo," anatero. "Akuluakulu, ndi yomweyo."

"Tiibatize kaye," a Wiebe anatero, akufuna sikuludiraiva m'thumba la ovololo.

"Ayi, madala. Musaikhudze mpaka ndiimalize. Mukachotsa batire zonse zimene ndasewera zifufutika. Douwe sanafike kumapeto. Ndifikako ine."

Choncho kwa milungu itatu ndinakhala pampando wa kumbuyo n'kumamva gemu yanga ikutamandidwa.

"Taonani ayeziyo," ankatero Okke. "Mitundu inayi yokha, koma mpaka ndikumva kuzizira m'mano. Mwana wa Foni, kuntchito kwanu mungathe zimenezi?"

"Sitingathe," ndinkayankha.

"Sangathe," Tjeerd ankavomereza, maso ali pa TV. "Amene anapanga izi anali ataferedwapo. Zimaoneka. Bwera pafupi, Hiske, uphunzire."

Ananditchula dzina langa. Ndinasendera, phewa langa linakhudza lake, ndipo sanasunthe.

Chimene chinandiopsa pang'ono n'chakuti anayamba kukumbukira zinthu zimene sanandiuzepo. M'gemumo, pansi pa mlatho wachitatu, ndinali nditaikapo tsekwe wa mwendo umodzi, chifukwa pafupi ndi nyumba yanga pamakhala tsekwe wotero. Tjeerd atamuona anamenya bondo lake.

"Tsekweyu! Douwe ankamutchula kuti Amalume. Ndinamuiwala bwanji?"

Lamlungu lachitatu anafika kumapeto. Mtsikana anapeza mchimwene wake pansi pa ayezi, koma sanathe kuswa ayeziyo. Anaika nyali pamwamba pa nkhope ya mchimwene wakeyo kuti asakhale mumdima, n'kubwerera kwawo wopanda kuwala. Mathero amenewo ndinawalemba kasanu ndi kawiri. Okke ankayang'ana kudenga, a Wiebe ankapukuta magalasi awo kwa nthawi yaitali.

"Ndikukumbukira," Tjeerd ananong'ona. "Anasiya nyali."

"Paja unkati simunaimalize, aise?" anafunsa Okke.

"Mwina tinaimaliza. Ndinali mwana." Anapukuta mphuno ndi dzanja la juzi. "Ibatizeni, madala. Iikidwe pashelefu ya pamwamba."

A Wiebe anayala kansalu patebulo, anamasula masikulu awiri, anatsegula. Anayang'ana. Anavala magalasi ena pamwamba pa oyambawo.

"Mulibe batire muno," anatero pang'onopang'ono. "Ndipo bolodi iyi sinakwanitse chaka." Anaiyandikitsa kuwindo, milomo ikuyenda. Kenako anandiyang'ana ine, n'kuipereka kwa Tjeerd.

Anawerenga. Ndinadikira kuti adzutse maso. Anawadzutsa, koma anayang'ana anzake, mmodzimmodzi, ngati akuwerenga amene anamuona akulira.

Okke ndiye anayamba kuseka. "Amalume! Tsekwe wa Mwana wa Foni ndi Amalume!"

"Tjeerd," ndinatero, "zonse zili mmenemo ndi zako. Ndinangomvetsera. Ndinkafuna kuti..."

"Ndinadziwa," anandidula. Nkhope yake inali yofiira mpaka m'makutu. "Tsiku loyamba lomwe ndinaona kuti china chake sichili bwino. Mtsikanayo amayenda mosalala kwambiri. Akale sankayenda choncho."

"Sabata yatha unkati amayenda ngati wamoyo," anatero a Wiebe.

"Ndinkafuna ndione kuti bodzali lifika pati." Anatembenukira kwa ine, ndipo tsopano anandionadi. "Mathero ako aja ndi a m'mafilimu a atsikana. Nyali pankhope. Umaganiza kuti ndi mmene imfa imakhalira? Iwe unaferedwapo ndani, kambewa koweta?"

Ena awiri anaseka, mwina pofuna kuti zithe msanga.

"Unkakhala apo," anapitiriza, akuloza mpando wanga, "ndi timaso tako tonyowa, ine ndikukamba za mkulu wanga, iwe ukulemba manotsi ngati uli kumsonkhano wa kuntchito. Ndi mmene mumachitira, eti? Mumafufuza chimene chimaliza anthu, n'kuwagulitsa chomwecho. Ndiye umayembekeza chiyani? Kuti ndikupsompsone?"

Ndinayang'ana pansi, ndipo onse anamvetsa. Okke anasiya kuseka.

"Ha," Tjeerd anatero motsitsa mawu. "N'zimenezo. Madala, hamala ili kuti?"

"Tjeerd, mwana wachita ntchito," anatero a Wiebe. "Ine zaka zonsezi sindinaonepo..."

"Lamulo ndi lanu lomwe. Amene waibweretsa amakhoma yekha. Ndinaibweretsa ndine."

Anatseka kasetiyo bwinobwino, anabwezera masikulu onse awiri, anakwera pampando. Msomali unali wautali, wa matabwa a denga. Kumenya koyamba pulasitiki inang'aluka. Kachiwiri ndinamva bolodi ikuthyoka m'kati, kaphokoso kakang'ono ngati ka bisiketi. Anamenya kasanu, ngakhale katatu kanali kokwanira. Msomali unalowa pamene panali nyali.

Atatsika anapukuta manja pathalauza. "Yeniyeniyo ilipo kwinakwake," anauza anzake. "Tsiku limene ndidzaipeze mudzaona kusiyana kwake."

Chikwama changa chinali pamiyendo panga. Ndinatsegula zipi ya m'kati.

"Nayi," ndinatero, n'kuiika pakansalu ka a Wiebe. "Ibatizeni kaye, madala, kuti pasakhale zokayikitsa."

A Wiebe anaitsegula. Batire linali litachita dzimbiri, pabolodi panali chaka cha 1992. Anagwedeza mutu. "Iyi ndi yeniyeni."

Tjeerd sanaiuzire mpweya. Ndinauzira ndine, ndinailowetsa, ndinamuika chowongolera m'manja.

Kanyimbo kanayamba. Kanali komweko, koma kanali ka manotsi asanu ndi atatu okha, kobwerezabwereza, kolira ngati belu la pakhomo limene batire likutha. Pa TV panabwera dzina la kampani ina ya mababu a magetsi, imene inapangitsa gemuyo pofuna kutsatsa malonda. Kenako panaoneka kanthu ka mutu wa babu ndi tayi yofiira. Sikanali kamtsikana. Kankatsetsereka pamzere woyera n'kumatola mababu. Kumbuyo kunali mphero yosayenda, imodzimodziyo, yobwera mobwerezabwereza. Pansi pa mzere woyerawo panali timizere tabuluu.

"Manja aja ndi amenewo," ndinatero, ndikuloza timizereto.

Anasewera chifukwa sanadziwe chochita china. Panabwera mawu a Chingerezi, ndipo tsopano ankatha kuwerenga yekha, koma ndinamuwerengera mokweza.

"Akuti tolani mababu khumi. Apa akuti mababu athu amakhalitsa. Paja apa m'pamene mphero inkalankhula?"

"Hiske, basi," anatero a Wiebe.

"Ayi, madala, ayenera kufika kumapeto. Douwe sanafikeko." Ndinatembenukira kwa Tjeerd. "Kwatsala pang'ono. Yonse ndi ya mphindi zisanu ndi imodzi. Ukatola mababu makumi anayi imayambiranso poyamba, kungoti mothamanga. Ilibe mathero. Anthu akale aja, opanga ndi mtima."

Inayambiranso monga ndinanenera. Kababu kanagunda mwala, kanathima, kanyimbo kanapitirira. Tjeerd anakhala chowongolera chili pamiyendo. Okke anadzuka n'kuyamba kutsuka makapu amene anali otsuka kale.

Panali mawu ena amene ndikanatha kunena, ndipo ndinali nditawaganizira kuyambira tsiku limene kasetiyo inafika pa positi. Ndikanamuuza kuti mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, akudziwa kuti akufa, anayang'ana zinyalala zotsatsa mababu n'kupekera mng'ono wake nkhani ya munthu wotsala pamwamba pa ayezi. Kuti gemu yabwino kuposa onse inalipodi, ndipo anaipanga Douwe ndi pakamwa pake, ali pabedi, sabata imodzi. Mawu amenewo akanamudzutsa pampandopo ali munthu. Ndinawasunga.

Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti kunyumba akumudikira. Ndinavala jekete. Ndili pamasitepe ndinamva mapazi kumbuyo.

"Hiske."

Anali ataima pamwamba, dzanja lili pachitseko. Kumbuyo kwake ndinkaona mtanda uja, makaseti khumi ndi awiri.

"Ija yako," anatero, osandiyang'ana. "Uli nayo ina? Pakompyuta kapena... Sikuti ndikuifuna. Kungoti sindikuthanso kukumbukira mmene zinalili. Ndikatsinzina ndikungoona kababu kaja."

Inalipo. Inali pakompyuta yanga, m'malo atatu osiyana, pamodzi ndi zolemba za m'kope lija ndi mluzu wake.

"Inali imodzi yomweyo," ndinatero. "Akale sankasunga makope."

Ndinatsika, ndinatulutsa njinga yanga pakati pa njinga zodwala za a Wiebe. Kunja dzuwa linali likadalipo, anthu atakhala m'mbali mwa ngalande ndi mowa wawo. Pawindo la pamwamba kanyimbo ka manotsi asanu ndi atatu kankamvekabe, chifukwa panalibe amene analimba mtima kuzimitsa.

Gulu lija limakumanabe, ndimamva kwa Okke tikakumana kumsika. Akuti Tjeerd amabwera, amamwa khofi, amaonerera anzake akusewera. Nkhani ya mtsikana wa nyali sanaikambenso, ndipo mluzu uja anasiya. Akuti Lamlungu lina a Wiebe anamupeza atakwera pampando ndi pulayala, akuyesa kuzula msomali mosamala kuti asawonjeze mng'alu.

Ine gemu yanga ija ndimaiyatsa nthawi zina Loweruka m'mawa, makatani ali otseka. Ndimadutsa mlatho wachitatu, ndimapatsa moni Amalume, ndimafika pamene pali nkhope pansi pa ayezi. Pamenepo gemu imadikira kuti udine batani, mtsikana aike nyali pansi. Ndimamusiya ataima choncho, nyali ili m'manja, mpaka khofi wanga atazizira.